Ndinayanika Kachewere M'diso la Namondwe

Nkhani iyi anthu a kwathu ku Ntengo-Wambalame amaidziwa theka, ndipo thekalo ndinawasankhira ndine. Ndimawauza za kukula kwa nyanja yamchere, za mphepo, za ngalawa imene tinaipeza itakhala phee pakati pa bwalo la mpira. Chimene ndimadumpha n'chakuti ine, munthu wa imvi zanga, nkhoswe yotumidwa ndi banja lonse, ndinatsika padenga la eni ake ndikukokedwa ndi chingwe ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Lero ndiulule zonse ndekha, chifukwa zayamba kale kutuluka pakamwa pa ena, ndipo iwo akumawonjezera ndi zawo zomwe.

Mwana wa mlongo wanga, Abiliyo, ndi namwino. Atamaliza maphunziro boma linamuponya kutali, pa chisumbu china chaching'ono cha m'nyanja yamchere, kupitirira Nampula. Kumeneko maso ake anagwera mtsikana wina dzina lake Zaina, mwana wa a Momade, mkulu wa asodzi, mwini ngalawa ya thanga. Vuto linali lakuti Abiliyo anali atapempha kale kuti amusinthire kuno kufupi, ku Macanga, ndiye kukwatira Zaina kunali kumutenga kupita naye kumapiri. A Momade sanakane, komanso sanavomere. Anangoti, "Mwana wanga sindingamupereke kwa anthu amene sindinawaonepo nkhope. Abwere wamkulu wa kwanu, ndione kuti ndinu anthu otani." Bambo ake a Abiliyo anatisiya kale, choncho wamkuluyo ndinali ine, malume wake. Ukwati wa mnyamatayu unali m'manja mwanga. A Momade akandiona n'kukhutira, Zaina ndi wathu. Akandiona n'kupukusa mutu, basi zathera pomwepo.

Cholakwa choyamba chinali pa kusankha mwezi. Abiliyo anandiimbira telefoni nati, "Amalume, mubwere mu Junyu kapena Julyu, kukayamba kuzizirira. Kuyambira Dezembru mpaka Abrili kuno ndi nyengo ya namondwe, nyanja sikhulupirika. Alendo odziwa sabwera miyezi ino."

"Mu Junyu? Chimanga changa akolole ndani? Kudimba apite ndani, iweyo? Mlimi amayenda ulendo mu Marso, mwana iwe. Kupalira kwatha, kubandira kwatha, chimanga chikungodikira kuuma."

"Koma amalume, namondwe wa kuno si mvula ya kwathu ija."

"Mvula ndi mvula. Ndakula nayo."

(Muyenera kudziwa kuti kwathu ine ndimatchuka pa za nyengo. Nkhungu ikakhala paphiri mwakutimwakuti, linthumbu likatuluka, bondo langa lakumanzere likayamba kuwawa, ndimanena kuti mawa igwa, ndipo nthawi zambiri imagwadi. Ikapanda kugwa anthu amaiwala, ndipo ine sindiwakumbutsa.)

Za mphatso sindinavutike kuganiza. Kachewere woyamba wa dzinja anali atangokhwima, ndipo Abiliyo anandiuzapo kuti kunyanja mbatata imeneyi amadya pa zikondwerero pokha. Ndinakumba ndekha, n'kusankha imodziimodzi, zazikulu ngati chibakera, zosalala, zopanda bala la khasu, mpaka thumba kudzaza. Ndinavala kazaku wanga wa kutchalitchi (kwathu jekete timalitcha choncho), wochindikala uja amandisunga chisanu chikagwa, ndi garavata, tayi amene, pakhosi. Masiku atatu ndili pa msewu, kudutsa m'Malawi, Cuamba, Nampula, kutsika shapa iyi (ndiwo maminibasi a kwathu) kukwera iyo, thumba langa osalola munthu kulikhalira.

Kutentha ndinayamba kukumva tikutsikira kunyanja. Abale, kwathu dzuwa limawotcha, koma ukalowa pamthunzi limakusiya. Kumeneko mthunzi ulibe ntchito. Mpweya wake ndi wonyowa, wolemera, thukuta likatuluka siliuma, limangokhala pathupi mpaka kubwere lina. Koma kazaku sindinavule. Nkhoswe ivule kazaku pamaso pa eni mwana?

Ndiye nyanjayo! Ndinaima pagombe kukamwa kuli yasa. Ine ndinkati madzi ochuluka ndi Zambezi pa mlatho wa ku Tete, koma Zambezi ili ndi tsidya lina. Iyi ilibe. Madzi amangopita, obiriwira pafupi, akuda kutsogolo, mpaka kukakumana ndi thambo. Abiliyo anadzandichingamira pamenepo. M'ngalawa yotiwolotsa munali ife awiri ndi oyendetsa basi, pamene yochokera kuchisumbu inali yodzaza, muli ngakhale azungu odzaona malo ndi zikwama zawo zakumsana. Munthu wanzeru akanafunsa kuti nanga anthu onsewa akuthawa chiyani. Ine ndinangokondwa kuti tapeza malo ambiri, n'kukhalira thumba langa ine mwini, maso nditatsinzina.

Pachisumbupo kumwamba kunali kwa mbee, kopanda ngakhale kamtambo, koma anthu onse anali kalikiliki. Amuna akukoka ngalawa kuzichotsa m'madzi, kupita nazo kutali kumtunda. Ena ali pamadenga a makuti (masamba a mitengo ya koko amene amafolera nyumba kumeneko) akuwakuta ndi maukonde a nsomba n'kumangirira ku miyala. Amayi akutunga madzi kudzaza chilichonse chokhala ndi pakamwa. Mphepo kunalibe, komabe mafunde ankabwera aatali, limodzilimodzi, mwaulesi, n'kudzagwa pamchenga kuti dii! mpaka kumva m'mapazi.

A Momade anatilandira pakhonde pawo. Ndi munthu wamfupi, wouma thupi, wa mawu ochepa. Iwo amalankhula Chimakuwa ndi Chipwitikizi, pamene ine Chipwitikizi changa ndi chogulitsira mbatata pamsika wa ku Tsangano, choncho Abiliyo ndiye ankamasulira. Anayamika thumba lija, n'kulamula kuti aliike m'kachipinda ka kumbuyo. Zaina anabweretsa mpunga wophika ndi koko, mtsikana wa ulemu wake, ndipo ndinaona ndekha chifukwa chimene mwana wa mlongo wanga anaonda nacho. Titadya, a Momade anati nkhani ya ana idikire kaye. Wailesi yalengeza kuti namondwe akubwera, ndipo mafunde akuvomereza.

Apa ndi pamene ndikanatseka pakamwa. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Koma ine ndinatuluka pabwalo, ndinayang'ana kumwamba, ndinayang'ana pansi ngati pali linthumbu, ndinapinda bondo n'kuliwongola. Bondo lili bwinobwino.

"Uwauze asavutike. Sabata ino kulibe mvula."

"Amalume, zimenezo ndisamasulire."

"Masulira! Wamkulu ndani pano?"

Anamasulira, maso ali pansi. A Momade anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pa garavata mpaka ku nsapato. Anayankha mawu ochepa, ndipo Abiliyo anati, "Akuti kwanu mvula imachokera kumwamba. Kuno imachokera m'mbali."

Mawa lake kunalibe kanthu, kutentha kokhakokha, ine n'kumamwetulira ndekha. A Momade, akumanga mazenera ndi matabwa, anayesa kundiphunzitsa za chaka cha kumeneko. Anati kuli mphepo ziwiri. Ina amaitcha kusi, imachokera kummwera m'miyezi yozizira, ndiyo nthawi yabwino ya alendo. Inayo ndi kasikazi, ya kumpoto, ya miyezi yotentha, pamene madzi a m'nyanja amafunda ngati osamba mwana, ndipo namondwe amabadwira m'madzi ofundawo. Anandiuzanso kuti namondwe ali ndi mbali ziwiri ndi pakati. Ine ndinkagwedeza mutu mwaulemu, koma kunena zoona maganizo anali pa nsapato zimene zinkandithina.

Tsiku lachitatu kutangocha, mphepo inayamba. Nyumba ya a Momade ndi yakale, ya miyala ndi njereza, makoma ake ochindikala kutalika kwa mkono, denga lake lathyathyathya la simenti, lokhala ndi kakhoma m'mbali kolandirira madzi a mvula. Kumbuyo kuli makwerero opita padengapo. Anansi a nyumba za makuti anathawira momwemo, ndi ana, mphasa, nkhuku, mpaka mbuzi. Zitseko anazitchinga ndi mitengo.

Ndayesa kangapo kufotokoza phokoso lake, sindinathe. Tangoganizani chigayo cha dizilo, inu mutalowetsa mutu m'kati mwake, ndiye chisazime mmawa wonse. Mphepo inkalira pansi, inkalira pamwamba, nthawi zina inkakuwa ngati munthu. Panja zinthu zinkamenya khoma, ife osadziwa kuti ndi mtengo kapena denga la wina. Mvula inkalowa pa mng'alu wa zenera chopingasa, ndipo nditanyambita milomo ndinamva mchere. Mvula ya mchere, abale! Pamenepo ndinadziwa kuti bondo langa silidziwa kanthu. Ndinachita mantha enieni, ndipo ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ena kawiri.

Koma mlimi ndi mlimi. Pakati pa mapempherowo ndinaona madzi akuyenda pansi, kulowera ku kachipinda kaja. Ndinakwawa kukasuzumira, n'kupeza thumba langa lili m'madzi mpaka theka. Inu a kwathu mukumudziwa kachewere watsopano, khungu lake n'lopyapyala. Akanyowa n'kukhala m'thumba, kotentha chonchija, masiku awiri okha wayamba kununkha, ndipo imodzi ikawola zonse zapita. Mankhwala ake ndi amodzi, aliyense anaphunzira ali mwana: dzuwa likangotuluka, khuthula, yanika. Mtima unandiwawa kwambiri. Mphatso yanga yokhayo, ulemu wa banja lathu, isanduke phala lonunkha m'nyumba ya eni ake?

Chakumasana phokoso lija linayamba kutsika, kutsika, mpaka linaleka. Kunangoti zii, moti ndinamva madontho akugwa kuchokera padenga, ndi khanda likuyamwa ku ngodya ina. Pa ming'alu ya zitseko panalowa dzuwa, lenileni, lowala.

Ndinaimirira n'kusasa kazaku wanga. "Eya, Mulungu ndi wabwino. Yapita."

Palibe wina anaimirira. A Momade anali atakhala pa mulu wa chingwe pafupi ndi chitseko, makutu ali tcheru. Abiliyo ankamanga bala la mayi wina amene anachekedwa ndi lata, ndipo anatembenuka msanga.

"Khalani pansi, amalume. Sanathe. Ili ndi diso lake, tili pakati penipeni. Abweranso posachedwa kuchokera mbali inayo, ndipo amabwera wokwiya kuposa poyamba."

"Mvula ili ndi diso? Kwathu ikakata, yakata."

"Chonde amalume, ndakupemphani. Musandichititse manyazi."

Ndinakhala pansi, koma mtima unali m'thumba. Ndinayang'ana anthu onsewo atangokhala, manja ali lende, dzuwa likuwala panja, ndipo (Mulungu andikhululukire) ndinati mumtima, anthu a kunyanja ndi aulesi ndithu. Ndinaganiza kuti mpata wake ndi uwu woonetsa a Momade kuti kumapiri kumachokera anthu otani, anthu osataya dzuwa. Ndinasendera kwa mayi amene anakhala pafupi ndi chitseko cha kumbuyo, n'kumuonetsa ndi manja ndi nkhope kuti m'mimba mwandivuta. Anandichotsera mtengo wotchingira, akuonetsa ndi zala kuti ndifulumire. Munthu wamkulu kunamizira chimbudzi! Thumba ndinalitulutsa iye atayang'ana kumbali.

Pabwalo panalibe poyanika, paliponse matope, makuti ndi nthambi. Ndinasenza thumba n'kukwera makwerero mpaka padenga. Simenti inali itayamba kale kuuma. Ndinakhuthula, ndinagwada, n'kuyamba kuyala mbatata zanga bwinobwino, zazikulu uku, zosupuka uko. Mlimi amayang'ana pansi, ndiye nthawi yonseyi mutu unali pansi. Chimene chinandidzutsa ndi mbalame. Mbalame yaikulu yoyera ya kunyanja inali itatera pafupi ndi dzanja langa, mapiko ali lende, ikupumira kukamwa. Sinandiope. Nditayang'ana bwino, m'mbali monse mwa denga munali mbalame, zazikulu ndi zazing'ono, za mitundu yosiyana, zitangokhala pamodzi ngati anthu pa maliro. Pamenepo ndinakweza maso.

Abale anga, ndakhala zaka zambiri pansi pano, koma chimene ndinaona tsiku limenelo sindinachionepo, ndipo sindikhulupirira kuti munthu amayenera kuchiona kawiri. Mitambo inali itatizinga mbali zonse, khoma limodzi lozungulira, kuyambira pamadzi mpaka kumwamba kumene khosi limalekera kupindika. Chisumbu chonse chinali ngati nyerere pansi pa nkhokwe yopanda denga. M'munsi khomalo linali lakuda bii, pakati lotuwa, pamwamba penipeni loyera mbee mpaka kuthobwa m'maso, ndipo pamwambapo panali kabwalo ka thambo lowala bwino, lopanda banga. Ndipo khoma lonselo linkayenda. Linkazungulira pang'onopang'ono, mwakachetechete, lalikulu moti phiri la Domwe likanaikidwa pamenepo likanaoneka chulu. Nyanja pansi pake inkangotukumuka, mafunde akuwombana okhaokha osadziwa kolowera. Makutu anga anatsekeka. Ndinavula chipewa osadziwa kuti ndavula, misozi inangotsika yokha. Ndinati, "Ambuye, ndinu wamkulu, ine ndine fumbi." Sindinaganize za kuthawa, sindinaganize za mbatata, sindinaganize za Abiliyo. Ndinangoima ndi kuyang'ana, ndipo ndinaima nthawi yaitali kuposa imene ndinali nayo.

Mbalame ndi zimene zinayamba kudziwa. Zinadzipanikiza m'tsinde mwa kakhoma, dzuwa n'kuzima. Ku mbali imene mmawa kunali kobisalirako, khoma lakuda lija linali litafika pagombe, ndipo ndinaona mitengo ya koko yotsala ikugwada umodziumodzi, kubwera kwa ine. Phokoso linafika mphepo isanafike.

Kodi mukuganiza kuti ndinathamangira ku makwerero? Ayi. Ndinawerama kutola mbatata. (Mpaka lero sindidziwa kuti ndinkaganiza chiyani. Manja anangochita zimene anazolowera mvula ikamabwera.) Ndinali nditatola mwina khumi pamene mphepo inandimenya pamsana n'kundigwetsa chafufumimba. Kazaku anafufuma ngati thanga la ngalawa, nayamba kundikoka kupita kumphepete. Ndinagwira chitsulo china chotuluka m'kakhoma ndi manja onse awiri. Thumba linauluka, chipewa chinali chitapita kale. Mbatata zanga zosankhidwa zija zinayamba kugubuduzika, kenako kudumpha, kenako kuuluka ngati miyala ya legeni, zina kundimenya m'nthiti ine mwini wake. Ndinakuwa kuti "Mayo ine!" koma ngakhale ine sindinadzimve.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva dzanja likundigwira mwendo. Abiliyo! Anali atakwawa ndi mimba kuchokera ku makwerero, chingwe cha ngalawa chili m'chiuno mwake. Anandikulunga nacho m'khwapa n'kundikuwira m'khutu kuti, "Siyani chitsulo!" Ine osasiya. Anandiluma dzanja (inde, mwana wa mlongo wanga anandiluma), ndinasiya, ndipo a m'munsi anayamba kukoka. Amene anali patsogolo pa okokawo, mutu utatulukira pamwamba pa makwerero, anali a Momade eni ake. Mbatata imodzi, mwa zazikulu zija, inawapeza pa diso lakumanja kuti phwa! Koma chingwe sanasiye.

Lamba ndinali nditamumasula mmawa chifukwa cha kutentha. Pokokedwa chotero, buluku linakola pa chitsulo chija, ine n'kupitirira. Choncho nkhoswe ya ku Ntengo-Wambalame inalowa m'nyumba ya eni mwana chamutu, pamwamba kazaku ndi garavata, pansi kabudula wam'kati yekha, amenenso anali ataona zaka. Nyumba yodzaza anthu, koma palibe anaseka, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kusekedwa. Mayi ake a Zaina anamasula kapulana, chitenje chimene, imodzi mwa ziwiri zimene anavala, n'kundiponyera akuyang'ana kukhoma.

Mbali yachiwiri ya namondwe inalidi yoopsa kuposa yoyamba, nyumba ya miyala ija inkanjenjemera, koma ine ndinkaimva ngati ili kutali. Ndinakhala pangodya m'kapulana ya maluwa, pakati pa mbuzi ndi mtondo. Abiliyo anakhala pambali panga, zikhatho zake zitasupuka ndi simenti, magazi ali chuchuchu. Kenaka anati, osandiyang'ana, "Amalume, zaka ziwiri ndakhala ndikuwaonetsa anthu awa kuti ndife anthu anzeru. Mwandiphera ukwati." Manyazi ndinawadziwa tsiku limenelo, ndipo ndinalakalaka mphepo ija ikanangonditenga pamodzi ndi thumba. Zaina anabwera ndi nsalu yoyera kudzamanga manja a Abiliyo. Atamaliza anagwada, n'kundipatsa chikho cha madzi, nati m'Chichewa chake chophunzira, "Pepani, amalume." Ndinalira ngati mwana.

Mphepo inatha chakumadzulo, kutha kwenikweni tsopano (ndinadikira kuti a Momade atuluke kaye). Chisumbu chinali chitasanduka china. Nyumba zambiri za makuti zili pansi, mitengo ya koko yatsala mizati yokhayokha, mchenga wadzaza m'njira, ngalawa ya munthu ili pabwalo la mpira. Mulungu anachita chifundo, m'dera lathulo simunafe munthu. Masiku atatu otsatira ndinagwira ntchito pakamwa nditatseka, kunyamula mitengo, kukokolola mchenga, nditavala buluku la a Momade lolekeza pa msongolo. Mbatata zanga amayi ankazitola paliponse, m'mipanda, kugombe, kuseri kwa sukulu. Popeza ngalawa za katundu sizinkawoloka, anthu anaziphika, ndipo ndinkawamva akuseka akamadya.

Tsiku lachinayi a Momade anatiitana pakhonde. Panali iwo, akazi awo, ndi akulu awiri a banja lawo. Diso lija linali lotupa, lotsekeka. Ndinakonza kukhosi kuti ndiyambe mawu amene ndinaloweza m'shapa, koma iwo anakweza dzanja. Analankhula okha, Abiliyo akumasulira pang'onopang'ono.

"Akuti anaitanitsa wamkulu kuti aone mtundu wa anthu athu. Akuti awuona."

Ndinayang'ana pansi.

"Akuti wamkulu wake ndi wosamva." Abiliyo anapitiriza. "Akuti chibadwire sanaonepo munthu woyanika chakudya m'diso la namondwe, ndipo adzukulu awo adzaimva nkhaniyi."

Akulu awiri aja anagwedeza mitu. Ine ndinati basi, zatha, ndikamuuza chiyani mlongo wanga? A Momade anapitiriza, koma tsopano Abiliyo anangoti kakasi, osamasulira. Ndinamugunyuza ndi chigongono.

"Akuti chiyani?"

"Akuti pamene mayi uja ananena kuti simunabwerere, ine sindinafunse kuti mphepo yafika pati. Akuti ndinawalanda chingwe m'manja. Akuti munthu wotuluka mu namondwe kukatenga malume ake opusa, mkazi wake sadzamusiya panja." Abiliyo anapukuta m'maso ndi nsalu za m'manja zija. "Akuti Zaina apereka."

Mayi ake a Zaina anaimba nthungululu. Ine ndinafuna kuimirira kuti ndithokoze, koma a Momade anandiloza ndi chala, diso limodzi lotsalalo lili pa ine.

"Akuti sanathe. Akuti inu ndinu nkhoswe, iwo adzakhala kutali, milandu ya m'nyumba mwathu idzafikira kwa inu. Akuti mwana wawo ndi wa kunyanja, akapsa mtima amalankhula, kenako amakhala chete. Akuti akadzakhala chete, musadzanene kuti yakata n'kunyamuka kukayanika mbatata. Mudzakhale pansi, mudikire mbali inayo."

"Ndamva, bambo," ndinatero. Pa ulendo wonsewo mawu anzeru amene ndinalankhula ndi awiri amenewo.

Nditafika kwathu, akazi anga okha ndi amene ndinawauza zonse, mpaka za kapulana. Anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Anamvetsera mpaka kumapeto, sanaseke, sananene kanthu, anangopitiriza kusankha. Zaka zonse za ukwati wathu, iwo akatero ine ndimati nkhani yatha, n'kunyamuka kupita kokacheza. Tsiku limenelo ndinakhala pomwepo, manja ali pa mawondo. Nyemba zinatha m'lichero. Ndiye anati, osakweza mawu, "Chaka chija tinkathawa nkhondo, munandisiya pamalire ndi mwana wa miyezi iwiri kumsana, inu n'kubwerera kukatenga mbewu ya kachewere. Ndinakudikirani masiku awiri pansi pa mtengo, ndikumva mfuti. Mutabwera munandionetsa thumba. Simunandifunse kuti ndinagona bwanji."

Nkhani imeneyo ine ndinkayesa kuti inakata zaka makumi atatu zapitazo. Sindinanyamuke. Ndinamvetsera mpaka kumapeto, ndipo inali yaitali.